Mfundo pa Chofunda cha Dandan

"Musandinamize, alamu. Mfundo imeneyi sinadzimange yokha."

Anatero Fenglan, atakoka chofunda chofiira cha ukwati wa mwana wake Dandan mpaka pafupi ndi mphuno ya Suhua. Suhuayo ndi mkazi wa malemu mkulu wake wa mwamuna wa Fenglan. Anali pa kampando kake pafupi ndi chitseko, manja atawabisa m'mikono ya jekete monga anamulamulira.

Kwathu kuno chofunda cha mkwatibwi sichisokedwa chisawawa. Ulusi ukhale wofiira, wautali, ndipo usamangidwe mfundo, chifukwa mfundo pa chofunda ndi mfundo m'banja, anthu azingokangana mpaka imvi. Wosoka naye akhale mkazi wokwanira, mwamuna ali moyo ndipo banja lilipo, mwana wamwamuna alipo, wamkazi alipo. Wamasiye asakhudze ngakhale thonje.

Tsono m'banja lonselo wodziwa singano anali Suhua, wamasiyeyo. Wokwanira anali Ailian, mng'ono wake wa Fenglan, wogulitsa mafoni ku tauni, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto, amene singano ankaigwira ngati imuluma. Ndiye Fenglan anakonza nzeru. Ailian azisoka atakhala pa kang, bedi lathu lanjerwa lija, Suhua aziphunzitsa ali chapatali, akuloza ndi kamtengo kodyera.

"Lasa apa. Tulukira apo. Usakoke choncho, thonje liunjikana. Ulusi ukatha usamange, bwerera m'mbuyo, ubise nsonga m'kati."

Zinayenda choncho masiku angapo. Azimayi oyandikana nawo ankabwera eti kudzaphunzirako, koma ntchito yawo inali kuswa nthangala za mpendadzuwa pawindo ndi kuseka zikhadabo za Ailian. M'mawa umenewo analiponso, makutu ali tcheru.

"Ine chofunda chanu sindinachikhudze," anatero Suhua.

"Dzulo ine ndinapita kukagula mtedza woika m'makona mwa chofundachi. Ailian anatuluka kukayankha foni. Anatsala ndani m'chipinda muno? Mphaka?"

"Ndinatsala ine, pa kampando komweka."

"Eya. Kuyambira tsiku limene akuchimuna anabweretsa mphatso, nkhope yanu sinasekepo. Mwana wanu akukalambira pakhomo, wanga akukwatiwa, ndiye mwati naye akalire."

"Dandan ndinamubereka kumsana ine, inu mukusenda adyo ku fakitale."

"N'chifukwa chake zikundinyansa. Ku ukwati musabwere. Ndipo anthu adziwe zimene manja anu amachita."

Pamenepo nthangala pawindo zinaleka kulira. Mkazi akatchuka kuti anamangira mwana wa m'bale wake mfundo, ndani angamulolenso kunyamula khanda lake?

Suhua anadzuka pang'onopang'ono. Anatenga kamtengo kake kaja, n'kutembenuza nako m'mphepete mwa chofundacho, osachikhudza ndi chala.

"Alamu, ine ndikanafuna kuononga banja la mwana wanu, mfundo mukanaiona? Ndikanaikwirira m'thonje, mukanadzaipeza zidzukulu zitamera ndevu. Iyi ili pamwamba, kumutu, pamene chibwano chimafika. Yaikulu ngati nyemba. Amene anamanga iyi amafuna kuti muione."

"Mukufuna kunena chiyani?"

Suhua anatembenuka. Anayang'ana pa kang, pamene panakhala Ailian.

"Ailian, uyankhula wekha, kapena?"

Ailian anali kuyang'ana zikhadabo zake ngati waziona koyamba. "Ine sindikudziwapo kanthu," anatero.

"Musamukokeremo mng'ono wanga," anatero Fenglan, akukankha chitseko. "Tulukani. Tengani ndi kampando kanuko."

Suhua anawerama, kampando n'kukanyamula ndithu. Anafika pakhomo, anaimanso. Anadikira. Ailian maso ali pa zikhadabo pomwepo.

"Chabwino. Mufunseni mng'ono wanuyo kuti mwamuna wake ali kuti."

"Ali ku Qingdao, ku doko, ku ntchito. Aliyense akudziwa."

"Pa Chaka Chatsopano anali ku ntchito. Tsiku losesa manda a makolo anali ku ntchito. Ntchito yake ndi yolondera nyanja kuti isathawe? Foni ya dzulo ija anakaiyankhira kuseri kwa windo ili. Ine makutu sanafe pamodzi ndi mwamuna wanga. Amamuchonderera kuti abwere tsiku limodzi lokha, adzangoima pa chithunzi cha ukwati, anthu asadziwe. Uko anakana."

Fenglan anatembenuka. "Ailian?"

Ailian anagwira kumaso, utoto wa m'zikope n'kuyamba kutsikira m'masaya. Banja linatha Chaka Chatsopano chisanafike. Mwamunayo ali ndi mkazi wina, wophika m'kanyumba kodyera pafupi ndi doko.

"Ndiye wakhala ukusoka chofunda cha mwana wanga ndi manja amenewo?"

"Ndimaopa kukuuzani, achemwali. Munandiitana pamaso pa anthu, mukunditama kuti ndine wokwanira, ndikanakana bwanji? Koma ndikalasa singano mtima umandigunda, kuti mwina ndikumupatsira Dandan tsoka langa. Ndiye ndinati ndimange mfundo poonekera. Mukaiona munditukwana kuti ndine chitsiru, mumasula zonse, muitana wina."

"Nanga pamene ndimatukwana alamuwa unali duu bwanji?"

"Ndimadikira kuti mutope."

Pawindo wina anatsamwa ndi nthangala.

Mukuganiza kuti Fenglan anapepesa? Simukumudziwa. Anayang'ana windo, anayang'ana mng'ono wake, kenako n'kubwerera kwa Suhua.

"Inu mumadziwa kuyambira dzulo, osandikokera pambali? Mwadikira kuti pawindo padzaze anthu?"

"Ndamupatsa mpata kawiri. Inu ndi amene mwanditsegulira chitseko."

"Mwavula banja lathu pagulu."

"Langa munalivula poyamba, ndipo mwana wanga munamutchula. Ku ukwati ndibwera, alamu. Mundiikire mpando."

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itafika kale kwa wogulitsa tofu, chakudya cha soya chija, kumapeto kwa mudzi. Zinamuyendera bwino, chifukwa mkazi wake ndi wokwanira, ndipo ndi amene Fenglan anathamangira kukamutenga. Nsalu anagula ina, thonje lina. Mayi ameneyo mwamuna ali naye, ana ali nawo, koma kusoka kwake kuli ngati mpanda wa nkhuku. Womulozera ndi kamtengo panalibe, poti Fenglan akanalola kumeza singano kusiyana ndi kukagogoda kwa Suhua. Thonje linaunjikana kumiyendo, kumutu kuli nsalu yokhayokha. Mfundo munalibe, zimenezo ndiye zoona.

Dandan atabwera kuchokera ku tauni chofundacho anachigwiragwira, n'kufunsa kuti, "Amayi, m'katimu muli mbatata?" Palibe anaseka.

Tsiku la ukwati Suhua anavala jekete lake lofiirira, anakhala pa tebulo la kutsogolo pomwe pali malo a mayi wamkulu, ndipo anadya chilichonse chimene chinabwera, nsomba mpaka mutu. Mkwatibwi anamuthirira tiyi ndi manja awiri, akuti, "Imwani, amayi aakulu." Kumanzere kwake mpando wa Ailian unali wopanda munthu. Kumanja kunali Fenglan, amene phwando lonse anayang'ana kwina mpaka khosi linamuuma.

Tsopano chisanu chabwera. Dandan akuti amafunda bulangete la m'sitolo, chofundacho chili pamwamba pa kabati. Ailian sayankhula ndi Suhua, poti anamuulula. Fenglan sayankhula ndi Ailian, poti anamunamiza. Ndipo Fenglan ndi Suhua, amene makomo awo ayang'anizana, akafuna kuuzana kuti mpope wa pabwalo waundana, amatuma mkazi wa wogulitsa tofu.