Kope la Estere Pamowa wa Dima

Aphunzitsi a Petro anamuchenjeza Lazaro dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pa sukulu ya mishoni kwa Maseya. Chinali chaka chotsatira chigumula chija, pamene Shire anamiza madimba onse.

"Bambo a Estere, kope ndapatsa mwanayu si la masamu ayi. Ndinamuuza kuti azilembamo nyimbo zake, zonse zimene zamutsamwa chimwalirire mayi ake. Mwaona nokha wayambanso kudya. Musalitsegule. Akadzafuna, adzakuwerengerani yekha."

"Aphunzitsi, mwana ndi wanga," anatero Lazaro akuseka. "Mbuzi yanga yomwe ndizichita kuipempha kuti ndiione mano?"

Ana inu, opani munthu woseka chenjezo. Lazaro sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe. Kwa iye pepala lililonse linali ngati la kutchalitchi: wina amaimirira n'kuwerenga, ena n'kuvomera. Komanso anali mkamwini pamudzi pa malemu mkazi wake, ndipo alamu ake ankamuyang'ana ngati nkhuku yachilendo. Ankalakalaka tsiku limodzi lokha loti awaonetse kuti iye wabereka mwana wolemba ngati Mzungu.

Tsikulo linakwana ataitana dima, anthu odzamulimira munda wa thonje kuti amwe mowa. Makasu atagona pansi, chipanda chikuzungulira, Estere ali kumadzi, Lazaro anasolola kope lija patsindwi. Analipereka kwa Sebastiano, amene anagwirapo ntchito m'sitima za pamtsinje ndipo ankawerenga mokhumudwakhumudwa.

"Pepala lobisa limadyedwa ndi chiswe, achimwene," anatero Sebastiano, nakonza kukhosi n'kuyamba kuwerenga. "Ine ndine Estere wa mano otuluka. Ndikamaseka ndimaphimba pakamwa. Kodi alipo adzandifunsire mbeta?"

Anthu anafa nalo phwete. Mayi wina anakuwa kuti, "Adzakufunsira mvuu, mwanawe, mano mukufanana!"

Apo n'kuti Estere atafika, mtsuko uli pamutu. "Ababa, chonde. Ayi, ababa."

"Khala pansi iwe! Pitiriza, Sebastiano, amve alamu angawa."

Sebastiano anatembenuza pepala, chala chikutsata zilembo.

"Madzi anafika pakhonde, bwato linali limodzi.
Ababa anakweza thonje, anakweza mbuzi, anakweza ine.
Amayi anati, nanga ine?
Ababa anati, ndibweranso.
Amayi akudikirabe."

Elisha, malume ake a Estere, anaika chipanda pansi pang'onopang'ono.

"Alamu, paja munatiuza kuti mlongo wathu anali atapita kudimba, madzi anamupeza komweko."

"Ndi nyimbo za mwana chabe izi! Wangopeka!"

"Estere, mwana wa mlongo wanga, wapeka?"

Mwanayo mtsuko unamupulumuka pamutu n'kugwa, phwaa! Iye sanalembe mawuwo kuti aneneze bambo ake. Ankangofuna kuwachotsa pachifuwa kuti azigona tulo. Koma mawu akatuluka pamowa, ana inu, sabwereranso m'kope.

Mlandu sunachedwe. Mkamwini alibe munda, alibe mwana. Zonse ndi za mbumba. Anamuponyera mphasa ndi khasu lake, namuloza njira. Lazaro anaima pakhomo kuitana, "Estere, tuluka ndikutsazike." Chitseko sichinatseguke.

Estere anaponya kope lija pamoto. Aphunzitsi a Petro anabwera ndi lina latsopano, iye anabisa manja kumbuyo. Ana a pamudzi ankamuimba nyimbo yake yomwe ya mano ija popita kumadzi, mpaka Estere anasiyiratu kulankhula pagulu.

Lazaro anatsikira ku Chiromo, nakhala wodula nkhuni za sitima. Anakalamba msanga. Malungo atamugwira, anatumiza uthenga katatu ndi anthu a mabwato kuti mwana wake abwere. Mabwato ankabwerera ndi nsomba ndi mchere basi. Anamupeza atauma m'khumbi lake patapita masiku awiri, ndipo anamukwirira ndi anthu osadziwa ngakhale dzina la mudzi wake.

Phunziro: Mwana akamalemba za mumtima mwake, akudzichiritsa bala. Musamulande, musamuseke, musamuwerengere pagulu kuti mutchuke ndinu. Dikirani akuitaneni yekha. Mukathyola chitsekocho, mudzapezamo zanu zomwe, ndipo mwanayo simudzamumvanso mawu.