Msomali Wachinayi

Pakhoma la lesitilanti ya Mayi Iolanda, pamwamba pa kabati ya vinyo, panali zibonga zitatu zasiliva, ndipo zonsezo zinali ndi dzina limodzi: Duilio Marcobelli, mwana wawo wamwamuna. Ermanno Cicatelli anadya moyang'anizana ndi zibongazo Lamlungu lililonse kwa zaka khumi ndi chimodzi, chikwatirireni Loredana, mlongo wake wa Duilio. Anayesapo kamodzi kusintha mpando kuti azifulatira khomalo, koma apongozi akewo anamubweza, ati mpando winawo ngwa malemu amuna awo.

Kwathu ku Nettuno mwana amadziwa kuwakha mpira wa besibo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, choncho zibongazo sizinkafuna wozifotokoza. Besibo ndi masewero omwe wina amaponya mpira, wina nkuumenya ndi chibonga nathamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabesi, a timu inayo akuyesetsa kuugwira kuti amutulutse. Ligi ikatha, makochi amavota kusankha womenya bwino pa malo alionse a m'kati mwa bwalo, ndipo wopambana amalandira chibonga chasiliva. Tsoka la Ermanno linali loti iye ndi mlamu wakeyo ankasewera malo amodzi, paja pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu. Ermanno anali mu timu ya kudoko, Duilio mu timu ya kumtunda, koma chibonga cha pamalopo chimakhala chimodzi basi. Ndipo makochi athuwa, tisanamizane, ndi aulesi. Amangoyang'ana pepala la manambala, amene ali pamwamba ndi yemweyo.

Pa kugwira mpira Ermanno analibe mnzake, anthu ankati m'manja mwake muli ulimbo. Koma chibonga sapatsira manja. Kawiri konse anathera pa nambala yachiwiri, ndipo kawiri konseko anaombera m'manja mlamu wake mano ali poyera, mtima ukuwawa. Chomuwawa kwambiri chinali choti Duilio anali munthu wabwino. Akanakhala wamatama bwenzi zili bwinoko, munthu ukanadana naye poyera. Koma uyu ankamubweretsera nsomba kunyumba, namuyamikira m'nyuzipepala, nkumati mlamu wanga ndiye katswiri weniweni. Munthu wotere nsanje yake umaimeza wekha.

Chaka chimenecho Ermanno anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, mawondo atayamba kudandaula. Anamenya mpira kuposa zaka zonse, anatsogola miyezi itatu, kenako kumapeto Duilio anamupeza. Pofika sabata yomaliza manambala awo anali khosi ndi khosi, ndipo masewero otsiriza, Loweruka masana, anali a matimu awo awiriwo.

Lachisanu madzulo Ermanno anapita kukatenga mkazi wake, yemwe ankathandiza amayi ake kukhitchini. Atangolowa, maso anathamangira kukhoma monga mwa chizolowezi chawo. Pafupi ndi chibonga chachitatu panali msomali watsopano, wonyezimira, wokhomedwa mzere umodzi ndi inzake.

"Amayi, msomali uwu ngwachiyani?" anafunsa.

Mayi Iolanda sanadzutse n'komwe mutu pa ufa womwe ankakanda. "Afunseni alamu anu. Akhoma ndi iwo m'mawawu, mpaka kundigumulira penti."

Nthawi yomweyo Duilio anatulukira atanyamula kireti ya nkhono za m'nyanja. "Alamu! Mwauona? Wawongoka, eti? Ndachita kuyeza ndi lula."

"Mwakhomeratu, mpira tisanasewere?"

"Aaa, kukonzekera si mlandu, alamu," anatero Duilio, akutsinzinira amayi ake diso. Kukhitchini Loredana anaseka kachiphwete.

Ermanno nayenso anaseka, chifukwa nanga akanatani? Kunyumba anakankha mbale.

"Mchimwene wako wandiyesa chidole," anauza mkazi wake.

"Inu, tadyani. Msomali wokha mpaka kunyanyala chakudya?"

"Wokha? Banja lonse mwagwirizana kale kuti ine ndine woombera m'manja. Nawenso umaseka, ndakumva."

Loredana anatsegula pakamwa, nkutsekanso. "Ingodekhani, bambo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Iye anangomva kuti mkazi wake ali mbali ya mchimwene wake, ndipo anagona atayang'ana kukhoma.

Pabwalo lathu, pamwamba pa mipando, pali kachipinda ka Bambo Quirino, wolemba masewero. Munthu akamenya mpira nafika pa besi yoyamba osatulutsidwa, ndi iwo amene amagamula. Akalemba kuti wamenya bwino, nambala ya womenyayo imakwera. Akalemba kuti wogwira ndiye walakwitsa, womenyayo sapindula kanthu, nambala yake imatsika ngati watulutsidwa. Ndipo nkhalambayo inali ndi lamulo lake lomwe wosewera aliyense ankalidziwa: ngati waima kutsogolo kwa mpira, mpirawo nkukhudza golovesi yako osaugwira, kulakwa n'kwako, zinazo ukafotokozere mkazi wako.

Lowerukalo bwalo linadzaza thothotho. Timu ya kudoko inkafunika kupambana kuti ilowe mu ndime ya chikho, a kumtunda anali atalowa kale. Ermanno anamenya bwino kawiri, Duilio kamodzi. Pofika chigawo chomaliza zigoli zinali zofanana, ndipo Ermanno, yemwe ankawerengera m'mutu masana onse, ankadziwa kuti ali pamwamba ndi kachidutswa. Duilio akamenya bwino kamodzi kokha, amudutsa.

Ndiye taonani mmene zinthu zimadziikira. A kumtunda ndiwo ankamenya komaliza, awiri atatulutsidwa kale, kutsala mmodzi kuti chigawo chithe, wothamanga mmodzi ali pa besi yachiwiri. Amene anabwera ndi chibonga paphewa, akutafuna chingamu, anali Duilio.

Ermanno ankawadziwa mapewa amenewo kuyambira ali ana pamchenga wa kudoko. Woponya asanaponye, iye anali atasuntha kale masitepe awiri kumanja. Duilio anaumenya pamutu mpirawo, unagunda pansi nkunjanja m'mwamba, ukubwera pang'onopang'ono ngati ukuchita dala. Ermanno anafika kutsogolo kwake nthawi ilipo yoganiza, ndipo kuganizako n'kumene kunamupweteka. Mpira wochedwa chonchi, ndi liwiro la Duilio, kuponya ku besi yoyamba kukhala kochedwa ndi phazi limodzi. Akaugwira bwino, wothamanga uja aima pa besi yachitatu, masewero apitirira, timu ikhalabe ndi mwayi. Koma Bambo Quirino alemba kuti Duilio wamenya bwino.

M'maganizo mwake anauona msomali uja, wonyezimira, woyezedwa ndi lula.

Anaumitsa dzanja. M'malo molandira mpira m'kati mwa golovesi, anaupatsa mbali yolimba ya golovesiyo, ya kufupi ndi mkono. Iye ankafuna kuti ungogwera pamapazi pomwepo, autole msanga, wothamanga asapite patali. Koma mpira suuzidwa. Unagunda, nkudumphira kumbali, nkugubudukira kuudzu kumene kunalibe munthu. Pamene ankautola, wothamanga uja anali atazungulira besi yachitatu, nagwera pa besi yomaliza fumbi lili kobo. Masewero anathera pomwepo. Pabolodi panayaka nyali yofiira yosonyeza kuti wogwira walakwitsa.

Duilio anaima pa besi yoyamba anzake akumudumphira. Sanakondwere nawo. Ankangoyang'ana mlamu wake.

M'chipinda chovulira munali zii. Woponya wawo, yemwe anali atanena kale kuti chaka chino n'chomaliza, anakhala ataphimba nkhope ndi thaulo. Kochi Settimio anabwera nagwira Ermanno paphewa.

"Usadzizunze, mwana wanga. Watinyamula chaka chonse. Mpira umodzi sungafafanize zimenezo."

Bola akanamutukwana. Ermanno anavomera ndi mutu, koma ndikuuzeni zoona, pansi pa manyazi onsewo panali kachimwemwe kakang'ono konyansa. Anali pamwamba, ndipo msomali uja ukhala wopanda kanthu.

Lamlungu anakhala pampando wake wa masiku onse. Mayi Iolanda anamuikira pasta ya nkhono, iye ankangoitembenuza ndi foloko. Duilio ankadya mwakachetechete, zomwe sizinali zake. Loredana anawayang'ana onse awiri mpaka analephera kupirira.

"Achimwene, tangowauzani. Munthuyu afa ndi chisoni."

"Tinalonjeza kuti sitinena," anatero Duilio, maso ali m'mbale.

"Ndiye ndinena ndine." Anagwira dzanja la mwamuna wake. "Bambo, chibonga n'chanu. Chili pa shopu ya a Egisto apa, ozokota mayina aja. Dzina lanu analemba kale Lachinayi, achimwene anachiona ndi maso awo atawaperekera khofi."

Ermanno anamuyang'ana ngati walankhula chilankhulo china. "Lachinayi? Mavoti amabwera ligi ikatha."

"Chaka chino mwambo auika msanga, ndiye makochi anavota masabata awiri apitawo, inu muli pamwamba. A Egisto anatilumbiritsa kuti tisaulule mpaka alengeze. Msomali uja achimwene anakhomera inu! Anati chibonga cha alamu chikhale pamzere womwewo, tonse ndife banja limodzi."

"Nanga za dzulo zija?"

"Za dzulo zinalibe ntchito, ndi zomwe ndikukuuzanizi. Ngakhale achimwene akanamenya kasanu. Ndiye sekani, inu!"

Mayi Iolanda anabwera kudzamupsompsona pamutu, manja ali ufa okhaokha, nayitanitsa botolo la vinyo wabwino. Ermanno anadzuka nati akufuna kamphepo. Anatulukira kukhomo la kuseri kumene amaunjika makireti.

Posakhalitsa Duilio anamutsatira. Anaima pambali pake, onse akuyang'ana maboti.

"Alamu," anatero Duilio motsitsa mawu, "tayamba kusewera limodzi tili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mpira wonjanja ngati uja ndakumenyerani mwina chikwi. Sunakupulumukenipo ndi umodzi womwe."

Ermanno anafuna kunena kuti dzuwa linamuthobwa m'maso, koma dzuwa linali kumsana kwake, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Ndinaona msomali," anatero. Ndi zokhazo zimene zinatuluka.

"Ndinaganiza kuti mukadzadziwa tidzaseka. Ndimati ndikucheza ndi mlamu wanga." Duilio anapukuta manja pa epuloni. "Mukanandipempha chibonga, ndikanakuchotserani chimodzi pakhoma paja. Koma anyamata anu aja chikho sindingawabwezere."

"Pepani, alamu."

"Pepani wanuyo mukamupatse woponya wanu, ngati mungathe. Ine sindiuza munthu, chifukwa cha mlongo wanga. Tiyeni, pasta ikuzizira."

Ndipo Duilio sanauzedi munthu. Mwambo utachitika, anakwera yekha pampando nakoloweka chibongacho pa msomali wachinayi, nachiwongola mpaka chinafanana ndi zinzake. Makasitomala anaombera m'manja. Duilio anapitiriza kubweretsa nsomba kunyumba kwa mlongo wake, kungoti tsopano ankazisiya pakhomo osalowa, ndipo Loredana mpaka lero amati n'kutanganidwa.

Lamlungu lotsatira Ermanno anaima kumbuyo kwa mpando wake, osaukoka.

"Amayi, lero ndikhaleko mbali inayo. Kapena kukhitchini komwe."

"Mwayamba liti zimenezo?" anatero Mayi Iolanda, akumukankhira pampandopo ndi chigongono. "Zaka zonsezi mwakhala mukuyang'ana za mnzanu. Khalani pomwepa, mwana wanga, pano m'pamene chanucho chikuoneka bwino."