Alamu Aime Pomwepo

Amuna anga a Genzo atapuma pa ntchito, fakitale inawapatsa makina akale osemera zitsulo. Anzanga amuna awo amabwera ndi wotchi. Ine anandibweretsera chinthu cholemera ngati galimoto, n'kuchilowetsa m'chipinda chakuseri momwe ndinkayanikamo zovala.

Asanachimange n'komwe, anakadzitama kumsonkhano wa m'dera lathu kuti chitsulo cholumikiza mawilo a ngolo yathu ya chikondwerero, chomwe chinali chitathyoka, asema okha. Chikondwerero chinali Lamlungu. Popanda chitsulocho ngolo sikanatuluka, ndipo a kutsidya kwa njanji akanatiseka mpaka chaka chamawa.

Wotithandiza kunyamula anali mchimwene wanga Kumaji, amene ali mnyamata ankachita nawo sumo, masewera ogwetsana a anthu onenepa. Masewerawo anasiya, koma kudya sanasiye. Makina atakhala pamalo, iye anaima kumchira kwake n'kumadya mibulu ya mpunga uku akuonerera.

A Genzo anagwada masiku awiri. Levulo yoyezera kuwongoka pamwamba, tizitsulo topyapyala pansi pa miyendo ya makinawo, kumanga mabawuti, kumasula, kumanganso. Ankati makinawa akapindika ngakhale ngati tsitsi limodzi, chilichonse chosemedwa chimatuluka chokhota mtima. Kumaji masiku onsewo anali pamalo pake pomwepo.

"Alamu, kathovu kamodzi masiku awiri?" anafunsa Kumaji. "Kufakitale kuja munkasema zitsulo kapena munkasesa?"

Nthawi imeneyo n'kuti kathovu ka m'levulo katangokhala pakati penipeni. A Genzo anabwezera levulo m'bokosi mwake pang'onopang'ono.

"Ntchito yatha, mpunga wathanso. Khomo ndi ilo. Musadzapondenso muno."

Kumaji anatuluka. Zinandipweteka.

Lachinayi anasema chitsulo choyamba. Kuno konenepa, uko koonda, ngati karoti. Lachisanu chachiwiri, karotinso. Ananyoza mpeni wa makinawo, ananyoza magalasi awo, levulo yokha osaikayikira. Loweruka m'mawa, chitatsala chitsulo chimodzi, anaitulutsa. Kathovu kanali katathawira kumapeto.

Ine ndinalowa ndi tiyi n'kukaima kumchira kuja.

"Tomie, usasunthe," anatero. "Kayenda."

Kanali katabwerera pang'ono. Anandituma mwala wotsindira ndiwo zamchere, ndinaukumbatira, kanabwereranso pang'ono. Tonse tinayang'ana pansi. Pansi pathu ndi pa matabwa, ndipo matabwawo anali atawerama ndi Kumaji masiku awiri onse aja. Bambowa anawongola makina pamodzi ndi alamu awo omwe.

"Kuyambiranso ndi masiku awiri," anatero ndi mawu ofooka. "Ndili ndi lero lokha."

Kunena zoona, matumba amchenga akanapezeka kwa aneba. Koma munthu wathamangitsa mchimwene wanga ngati galu, ine ndimuthandize kuganiza?

"Ndikudziwa munthu wa makilo oyenera," ndinatero.

Anavala jekete ya kumaliro, ananyamula botolo la mowa wa sake, ulendo wa kwa Kumaji. Akazi a Kumaji amati a Genzo anawerama pakhomo mpaka chipewa kugwa, ndipo Kumaji anawasiya choncho mpaka atamaliza mbale.

Kumaji atafika kwathu anavula nsapato n'kuima pamalo paja. Kathovu kanayenda, kanayenda, n'kuima patatsala pang'onong'ono.

"Mwaonda, alamu."

"Ndi nkhawa. Ndinanyozedwa."

"Tomie, apatse mphika wonse agwire."

Kathovu kanakhala pakati. Kumaji anaima maola anayi, mphika uli m'manja, akupereka malangizo pa ntchito yomwe saidziwa. A Genzo ankangoti, "Mwanena zoona, alamu," mano atalumana. Akafuna kuchimbudzi, makina ankayamba azimitsidwa.

Chitsulo chinalowa m'mawilo ngati chinabadwira momwemo, ndipo Lamlungu ngolo yathu inatuluka. Aliyense anamva kwa Kumaji kuti anasema ndi iye.

Sabata yotsatira a Genzo anagula simenti yoti awake pansi polimba. Patha zaka zitatu, matumbawo anauma gwaa pakona. Chomwe anachita n'kujambula mapazi awiri aakulu ndi choko pa matabwa paja, ndipo Lachiwiri lililonse mwini mapaziwo amabwera kudzakangana nawo.

Mwezi watha dokotala anauza Kumaji kuti achepetse thupi, mtima wayamba kutopa. Iye anadzanena mocheza, ataima pa choko pake.

"Ndiye makina anu aja basi, alamu. Wakani simenti."

A Genzo sanatembenuke. Anapitiriza kupukuta mpeni womwe unali woyera kale.

"Mverani dokotala," anatero. "Makilo akaperewera ndizikugwiritsani mwala. Inu muzingobwera."