Suti Yopitira Kumudzi

Nyumba ya masitolo imene anamanga kunja kwa tauni ya Chinhoyi mu 1994 inali ndi zipinda makumi awiri ndi zinayi, koma zokhala ndi malonda zinali zisanu zokha. Ndikudziwa bwino chifukwa wokolopa ndinali ine. Anthu ankangoitchula kuti Senta. Pansi panali matailosi oyera oti n'kudyerapo, denga linali la galasi, ndipo pakati panali kasupe wa madzi amene ankamuyatsa pokhapokha kukabwera alendo. Ukamayenda m'khonde lalitali lija m'mawa, mapazi ako ankamveka kawiri, ngati pali wina akukutsatira. Sindinazolowere. Ndinkaimba nyimbo za kutchalitchi pokolopa, koma sikuti kunali kupemphera ayi, anali mantha.

Bwana wathu anali a Gwenzi, Mshona wamfupi wa tayi yofiira, munthu wotuluka thukuta ngakhale mu Juni. Eni nyumbayo anawalemba ntchito imodzi yokha: kukopa masitolo apamwamba a ku Harare ndi ku Joni, aja oti ukalowamo amayamba akuyang'ana nsapato asanakupatse moni. "Ikangolowa imodzi yaikulu," ankatero a Gwenzi, "enawo abwera okha pambuyo." Koma yaikuluyo sinkafuna kulowa m'nyumba yopanda anthu, ndipo anthu sankabwera m'nyumba yopanda masitolo.

Mu Julaye 1995, sitolo ina ya zovala ya ku Joni inavomera kutumiza anthu kudzaona malo. A Gwenzi anapeza nzeru. Anakabwereka zidole zoonetsera zovala kwa Mmwenye wina amene anatseka sitolo yake m'tauni, zidole khumi ndi chimodzi, zotalika ngati anthu, zonse zopanda mitu. Anati tiziveke n'kuziimika m'mawindo a zipinda zopanda kanthu, ndi kumata mapepala onena kuti masitolowo atsegulidwa posachedwa. Madiresi anachokera kwa akazi awo ndi anzawo a kutchalitchi. Chovuta chinali windo la zovala za amuna.

"Sisi Matilda," anandiuza atanyamula suti yawo yonyezimira m'maondo, "anthu a ku Joni amadziwa nsalu. Akangoona iyi atiseka."

Pakamwa pangapa pandipalamulitsa zambiri, koma tsiku limenelo panaonjeza. "Ababa anga ali nayo suti," ndinatero. "Ya ubweya wa ku Mangalande. Sinavalidwepo."

Ababa, a Lazalo, anachoka ku Ntcheu mu 1951 ali mnyamata, pa lole yonyamula anthu ofuna ntchito. Anakhazikika pa pulazi ya fodya pafupi ndi Darwendale, komwe anasonkha moto m'mabalani oumitsira fodya zaka makumi anayi. Mu 1962 anapita ku Salisbury, Harare wa lero, n'kugula suti yakuda motuwira, ya jekete, thalauza ndi kajekete kam'kati, komanso chipewa. Sinali ya kutchalitchi kapena ya ku ukwati. Inali yopitira kumudzi. M'komboni mwathu pafupifupi mkulu aliyense wochokera ku Malawi anali ndi bokosi lotere kunsi kwa bedi, chifukwa munthu sabwerera kwawo atavala ovolosi ya pa pulazi. Mvula ikatha ababa ankaitulutsa, kuiyanika pamthunzi, kuipukuta ndi dzanja, n'kuibwezeramo ndi timibulu tophera njenjete. Kuyesa sankayesa. Ankati ikavalidwa kuno ndiye kuti yatha ntchito.

Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Kunabadwa ife, kunabwera nkhondo ya kuno, amayi anadwala n'kutisiya, kenako msewu wa ku Tete unadzaza ndi mfuti. Ashona ankatiseka kuti ndife anthu opanda kumudzi, ndipo ife ana tinkaseka nawo za sutiyo. Koma 1995 zinali zenizeni. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, mabasi ankadutsa pa Tete, ndipo mlongo wawo, a Duwa, analembetsa kalata kuti ali moyo koma maso ayamba kufooka, abwere asanazime. Mapepala a ulendo anatheka. Tsiku linali 19 Ogasiti. Ababa ankaimba mluzu pometa ndevu, chinthu chimene sindinachimvepo chimwalirire amayi.

Sutiyo ndinakaitenga Lamulungu iwo ali kutchalitchi. Ndinadziuza kuti alendo akubwera Lachisanu, ndiye Lamulungu linalo ikhala itabwerera m'bokosi, wodziwa palibe. Mu kombi yobwerera ku Chinhoyi mayi wina anandifunsa ngati ndanyamula zovala za malemu, chifukwa cha fungo la timibulu tija. Ndinamuyankha mwamwano.

Kuveka chidole ndi ntchito yonyansa. Umagulula mikono, kulowetsa m'jekete, n'kuibwezeretsa, ndipo thupi lake limazizira. Koma sutiyo inachikwana ngati telala anayesa icho. Mapewa anaima, chifuwa chinadzaza, thalauza linagwa bwino pa nsapato. Chipewa ndinachiika pa chitsa cha khosi. A Gwenzi anabweretsa sutikesi yachikopa n'kuiika pambali pa mwendo kuti zikongole. Ndinatuluka kukayang'ana panja pa galasi. Panaima munthu wa pa ulendo, wopanda nkhope, akudikira basi. Kuyambira tsiku limenelo mbali imeneyo ndinkakolopa mothamanga, ndipo m'mawa wina ndinadzimva ndikuchipatsa moni.

Alendo anabwera awiri, mzimayi wachizungu wa tsitsi lalifupi ndi mwamuna wonyamula chikwama. Kasupe anayatsidwa. Mzimayiyo anadutsa madiresi onse osacheuka, koma pa windo la ababa anaima. Anapempha kulowa, anagwira mkono wa jekete, n'kunena kuti nsalu yotere sakupanganso. A Gwenzi anangotsala pang'ono kuvina. Pochoka alendowo anati abweranso ndi mabwana awo pakatha masabata awiri, Loweruka la kumapeto kwa mwezi, kudzaona kuchuluka kwa anthu.

"Palibe chokhudza," anatero a Gwenzi atangochoka. "Windo lililonse likhale momwemo."

"Bwana, sutiyo ndinalonjeza kubweza."

"Masabata awiri chete, sisi. Mdhara, bambo akowo, sadziwa kanthu. Sitoloyi ikalowa, ntchito yako yakhazikika."

Ndinali ndi ana awiri ndipo bambo wawo anali atasowa kale. Ndinavomera.

Chimene sanandiuze n'chakuti anaimbira lamya azungu a m'mapulazi onse ozungulira, kuwapempha kuti Loweruka limenelo malole awo abweretse antchito ku Senta m'malo mwa kumagolosale a masiku onse. Ankafuna khamu. Pofika cha m'ma teni koloko khonde lija linadzaza kwa nthawi yoyamba: azimayi obereka ana, azibambo a nsapato za matayala, onse akuyenda mosamala poopa kuterereka. Ine ndinali pakati pawo ndi chikolopa, ndikudandaula za matope. Ndiye ndinaona msana umene ndikanaudziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi.

Ababa anabwera kudzagula sopo, shuga ndi chitenje cha mlongo wawo. Anali ataima patsogolo pa windo lija, thumba la pulasitiki lili m'manja. Anali atavula kapusi yawo.

Ndinataya chikolopa. "Ababa, ndikufotokozereni. Ndine ndinatenga. Ndangobwereka, mawa lomwe ndibweza. Palibe munthu wavala, ndi chidole chabe."

Sanandiyang'ane. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda kukalipiridwa. Anangofunsa motsitsa mawu, "Iwe Mati, sunaipinde pena paliponse? Sunaimange ndi mapini kumbuyoku?"

"Ayi, ababa."

"Yangomukwana yokha?"

"Inde."

Anagwedeza mutu. Pagalasi pankaoneka chithunzithunzi chawo, ndipo nkhope yawo inkalekeza pa thumba la jekete. Ndinawaona tsiku limenelo monga mmene ndinali ndisanawaonere: msana wopindika, phewa limodzi lotsika chifukwa chosenza nkhuni, khosi lowonda likusambira m'kolala ya malaya. Utsi wa m'mabalani unali utawadya pang'onopang'ono ife tikuyang'ana.

"Ndinali chonchi," anatero. "Telala uja sanachotse kanthu. Anati, bambo, mwabadwira suti." Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Ndiye amene akumudikira a Duwa ndi ameneyu. Taona, wanyamula kale ndi sutikesi."

"Ababa, tikaipereka kwa telala, aibweza pang'ono."

"Aibweze kuti ikwane yani?"

Nthawi yomweyo a Gwenzi anatulukira ndi alendo asanu, akulankhula Chingerezi chothamanga. Atationa anandikodola ndi maso kuti ndichotse mkuluyo pa windo. Ababa anaona. Anavala kapusi yawo, anapatuka okha, n'kupita kukakhala m'lole kudikira anzawo. Chitenje sanagule.

Lolemba m'mawa ndinachivula chidolecho a Gwenzi asanafike. Atabwera anayamba kukuwa, ine ndinakuwa kuposa iwo, mpaka wa sitolo ya buledi anatuluka kudzatileretsa. Sanandichotse ntchito. Analibe chifukwa, poti a ku Joni anali atakhutira. Masana omwewo ndinakwera kombi ya ku Darwendale.

Ababa ndinawapeza atakhala pakhonde akusenda nzimbe. Ndinagwada n'kuika sutiyo patsogolo pawo, yopindidwa bwino m'pepala. Ndinalira, ndinapepesa, ndinadzitukwana. Anandisiya ndimalize.

"Ika m'bokosimo, mayi," anatero. "Sunalakwe. Ukanapanda kutero ndikanakaivalira pa depoti ya mabasi ku Mbare, anthu n'kumaseka kuti mdala waba jekete la mwana wake."

"Ndiye mupita ndi zovala zina. Ndikugulirani zatsopano."

"Tiona."

Mawu akuti tiona ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana. Ndinabweranso Lamulungu lotsatira ndi malaya atsopano ndi thalauza la muyeso wawo. Anathokoza, anazivala kutchalitchi. Ndinatuma abusa, ndinatuma a Fredson, mnzawo wa m'mabalani amene anabwera naye pa lole imodzi. A Fredson anakhala nawo masana onse, ndipo potuluka anandiuza kuti, "Asiye, mwanawe. Munthu akadziona yekha ataima kutsogolo kwake, miyendo siyendanso." Pa 19 Ogasiti ndinafika m'mamawa ndi chikwama kuti ndiwaperekeze ku Harare. Ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru. Anandifunsa za ana.

Sitolo ya ku Joni inatsegulidwa mu Disembala, ndipo inatenga zipinda zitatu, kuphatikizapo chija munaima suti ya ababa. Pambuyo pake panabwera ya nsapato, ya mafuta onunkhira ndi ya mipando. Kasupe ankayaka tsiku lililonse. A Gwenzi anagula galimoto. Ine anandipatsa yunifomu yabuluu ndi anthu awiri oti ndiziwayang'anira. Zidole za sitolo yatsopanoyo zinali ndi mitu ndi tsitsi lomwe, koma windo limenelo ndinkatuma wina kukapukuta. Ndikadutsapo m'mawa anthu asanabwere, ndinkaona ndi ngodya ya diso mapewa akuda aja, ndipo ndikacheuka ndinkapeza chidole cha kabudula wa kunyanja.

Ababa anamwalira mu Meyi 1997, chifuwa. Kutatsala masiku atatu anandiitana. "Usadzandiveke ija," anatero. "Ndikagona m'malaya unandigulirawa. Ija ukapereke kwa a Duwa. Inagulidwira ulendo, iyende." Tinawaika kumanda a pa pulazi, kuseri kwa mabalani, pafupi ndi amayi.

Ndinapita ndekha mu Okutobala, ulendo wanga woyamba ku dziko limene chiphaso changa chinkati ndi kwathu. Ndinadutsa pa Nyamapanda, pa mlatho wa Tete, pa Zobue, sutikesi ili pamiyendo njira yonse. Mudziwo ndinaupeza pofunsa. Azakhali a Duwa anali kamayi kakang'ono, maso atayera onse awiri. Anandipapasa nkhope, analira maliro a mlongo wawo monga mwa mwambo, kenako ndinatsegula sutikesi n'kuwauza chimene ndabweretsa.

Anaimirira, anagwira jekete m'mapewa n'kulikweza m'mwamba mmene manja awo akanafikira. Analipapasa kuchokera phewa ili mpaka linalo, kutsika ndi mkono, kubwerera pachifuwa. Nkhope yawo inawala.

"Eya, ndi iyeyu," anatero. "Mapewa a Lazalo awa. Atsikana a m'mudzi muno ankamenyanirana ameneyu. Kodi anakhalabe chonchi mpaka kumapeto?"

"Anakhalabe choncho, azakhali."

"Ndinadziwa." Analikumbatira jeketelo, nkhope ataiika pa kolala. Patapita nthawi anafunsa, mawu ali m'nsalu, "Nanga bwanji sanabwere chaka chija? Ndinazira nyumba, ndinasunga tambala. Mwezi wonse wa Ogasiti ndinkakhala pamsewu kumvetsera mabasi."

Ndinawauza kuti basi inawasiya. Azakhali anagwedeza mutu, n'kunena kuti mabasi a masiku ano sadikira anthu okalamba.