Malo a Lolemba ku Lusaka

A Stanislaus Daka anatuluka kachitatu kukaimba foni panja pa chipatala ku Petauke, ndipo kachitatu konse anabwerera akupukusa mutu. Mlamu wawo Fabian, mchimwene wa mkazi wawo, sankapezeka. Kwawo ku Sandwe mvula inali itadula msewu, foni nayo sinkagwira.

Mkaziyo, Keziah, anakhala pampando m'chipinda cha dokotala, a Mwelwa, akupinda ndi kufunyulula nsonga ya chitenje. A Mwelwa anafotokozanso mofatsa. Kamnofu kamene anadula pakhomo la chiberekero mwezi watha kanayezedwa ku Lusaka. Inali khansa, ya mtundu woyambira m'kati mwa njira ya khomolo, kumene diso silifika. N'chifukwa chake pamene anapimidwa popaka viniga pakhomopo zaka ziwiri zapitazo sipanaoneke kanthu.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Keziah chapansipansi. "Nyelele zinali m'kati."

Chotupacho chinali chitafalikira m'mbali, kotero kuchotsa chiberekero sikukanakwanira. Pankafunika kuchiwotcha ndi makina, pamodzi ndi mankhwala a m'diripi, kwa masabata asanu ndi limodzi. Malo anali atapezeka ku Lusaka, oti akayambe Lolemba likubweralo. Akawaphonya, akanabwerera kumapeto kwa mzere, mwina miyezi itatu, chotupa chikukulabe.

A Daka sanakhale pansi. Anati iwo sakukana chithandizo, koma kwawo mkazi ndi wa mbumba ya mchimwene wake, mwamuna ndi wobwera. Choipa chitachitika ku Lusaka Fabian asanavomere, achibale adzafunsa amene anapereka chilolezo. Msuweni wawo ku Luembe zinamuonekera: mkazi anafera pa opaleshoni, iye anachotsedwa pamudzi, kusiya ana ndi munda.

"Tidikileko pang'ono, amake Juliet. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo siitaya magazi, a Daka."

A Mwelwa, amene anachokera kumpoto kwa dziko, anayang'ana wotchi, kenako pepala lovomera chithandizo.

"Bambo, pepala ili silifuna dzina lanu kapena la alamu anu. Lifuna la amai."

A Daka anatulukanso ndi foni. Keziah anawaona pawindo akuikweza m'mwamba, akuzungulira pamalo amodzi. Zaka makumi awiri ndi zitatu banja lawo linali lisanachitepo chachikulu popanda mawu a Fabian, ngakhale kugulitsa mbuzi. Keziah anatenga cholembera, nasaina. Kenako anapempha pepala lina.

Mwamuna wake atalowa anamupeza akulemba pang'onopang'ono, zilembo zikuluzikulu za kupulayimale. Anawawerengera mokweza. Kalatayo inkauza Fabian kuti mlongo wake wapita ku Lusaka mwa kufuna kwake, ndipo a Daka anamuletsa pamaso pa dokotala koma iye sanamvere.

"Koma ine sindinakuletseni."

"Pamudzi adzawelenga kuti munandiletsa. Mailo kukacha mupeze njinga yamoto, mukaipeleke m'manja mwawo. Ikakanika pamtsinje, muoloke ndi miyendo."

"Nanga ku Lusaka mupita ndi ndani?"

"Mukandipelekeza, kalata ikhala yabodza."

A Daka anaipinda kanayi, naiika m'thumba la malaya, natseka batani.

Lamlungu m'mawa Keziah anakwera basi yekha. Itaima pa Nyimba anagula nthochi, koma sanadye. Foni inali pamiyendo pake, ndipo mpaka pa mlatho wa Luangwa inali isanalire.