Nyimbo Yopempha Mvula ku Kabwata

Loweruka lililonse Thandazani ankabweretsa alendo akunja ku mudzi wa zachikhalidwe wa Kabwata kudzamva nyimbo za pamtondo, zimene amayi ake ndi anzawo a ku Chilenje anazifukula ataona kuti chigayo chazikwirira. Ntchito yake inali kumasulira, ndipo ankamasulira mwaulemu. Nyimbo yonyoza mwamuna waulesi inkasanduka yothokoza zokolola.

Loweruka lina amayi ake atagwira munsi, anaponya diso kwa Abednego, dalaivala wa basi ya alendowo, yemwe ankamufuna Thandazani koma kwa nthawi yaitali ankangoima pageti pawo osalowa. Thandazani anali atawachonderera kuti asamuchititse manyazi, poopa kuti mnyamatayo angathawiretu. Iwo analonjeza kuti sadzalankhula kanthu. Za kuimba sanalonjeze.

Anayambitsa nyimbo yatsopano, ya munthu wina woliza hutala pageti ngati wogulitsa makala. Kodi kwawo kulibe amalume oti n'kudzagogoda pakhomo? Anzawo anathira mang'ombe, minsi ikugunda.

Thandazani anauza alendowo kuti imeneyo inali nyimbo yopempha mvula, ndipo iwo anakweza mafoni. Koma mayi wina wa ku Indonesia anamunong'oneza kuti kwawonso akazi amaimba posinja mpunga, komabe sanaonepo anthu akupempha mvula maso onse ali pa dalaivala.

Abednego anali atavula kapusi, akuyang'ana nsapato zake.

Chibadwire Thandazani anali asanagwirepo munsi. Ankati iye anaphunzira zolankhula, osati zosinja. Koma amayi ake ankawadziwa: akangowasiya, ndime yachiwiri itchula dzina. Anasungitsa chikwama kwa mlendo uja, n'kulanda munsi wa Ba Muriel, mnzawo wa amayi ake. Anayankha moimba kuti mlendo angalowe bwanji pakhomo pamene mwini nyumba amaluma kuposa galu wake.

Nthungululu inamveka mpaka kwa ogulitsa ziboliboli. Chimanga chinamwazika pansi. Amayi ake, osasiya kusinja, anamukankha chigongono kuti agwire munsi pakati, n'kumuuza kuti sabata yamawa abwere ndi chitenje.

Pobwerera, atafika pa maloboti a ku Woodlands, Abednego analankhula ndi Thandazani.

"Amalume ali ku Chelstone," anatero, maso ali pamsewu. "Nizabwela nao pa Sondo, tikachoka ku chalichi. Koma uwauze ba mami asaimbe."

Mayi wa ku Indonesia uja anafunsa kuti dalaivalayo akuti chiyani. Thandazani anamuuza kuti akuti mvula yayandikira.