Kolopu ya Amake Thirza

Lolemba la Kolopu linacha ndi chisanu cholasa m'mafupa. Mkuja Lenti, nyama osailawanso mpaka Pasaka. Tsikuli osauka a kumapiri a Yorkshire ku England ankayenda khomo ndi khomo kupempha kolopu, kachidutswa ka nyama ya nkhumba yamchere, ndipo kumana munthu chinali chamanyazi.

Mayi Kearton sankamana munthu, ayi ndithu. Ankangoima kumbuyo kwa wantchito wawo, maso ali pampeni.

"Dula mopyapyala, Thirza. Nkhumbayi sanawete ndi bambo ako."

Pomulemba ntchito ananeneratu kuti mwana wa opemphapempha samufuna, amatulutsa chakudya kuseri. Thirza anayankha kuti kwawo sapempha, ndipo sananame. Nthawiyo bambo ake anali asanafere mumgodi wa mtovu. Tsopano akamuchotsa pano alowera kuti? Kwawo kuli tiana titatu, azing'ono ake, poto ali gwa.

Anadula, napereka, nadulanso. Kenaka anakweza maso. Pakhomo panaima amake, atafunda chikhoto cha malemu amuna awo, nsapato zili chonyowa. Atsika phiri lonse lija wapansi!

Dzanja linachita lokha. Mpeni unalowa patali, kolopu n'kutuluka yochindikala ngati chikhatho.

"Ha! Mlendo wa ulemu ameneyu?" anafunsa Mayi Kearton, akusuzumira. "Ukuwadziwa mayiwa?"

Thirza anatsegula pakamwa, koma amake anaphangira kuyankha.

"Andidziwire kuti, adona? Ine ndine wa kutsidya." Anakankha nyamayo ndi chala. "Mtsikana iwe, ukufuna kumaliza nkhumba ya eni pa ine ndekha? Dula monga wadulira anzanga."

"Mwamuonatu," anaseka Mayi Kearton. "Atsikana a masiku ano, kuwolowa manja ndi za eni."

Thirza anabweza chidutswacho, nadula china chopyapyala, choti ana atatu sangakhute n'fungo lomwe. Anafunitsitsa kufuula kuti awa ndi amayi anga, andibala ndi awa! Koma anangopereka kachidutswako. Amake anakulunga kolopuyo m'kansalu, nathokoza adona kawiri konse, mwana wawo osamuyang'ana n'komwe. Anatembenuka, nayamba kukwera phiri pang'onopang'ono, akutsimphina.

Thirza anaponda phazi limodzi kunja.

"Ukupita kuti?" anatero Mayi Kearton. "Anthu akudikira. Dula."